Msodzi wa ku Dedza

Bodza lina limakula lokha iwe utangokhala chete. Anzanga a kuntchito kuno ku Saskatchewan atamva kuti kwathu kuli nyanja yaikulu, anagamula okha kuti ndine msodzi. Ine mwana wa ku Dedza, amene chambo ndimachidziwira m'mbale, ndinangogwedeza mutu monyadira.

Basi ananditengera ku Lake Diefenbaker, kufupi ndi kamudzi ka Elbow, kukagona m'matenti. Nyanjayi ndi yochita kupanga, inadzaza atatchinga mtsinje wa South Saskatchewan ndi damu la Gardiner lomwe anamaliza mu 1967. Pamene tinamanga msasa panali udzu wokhawokha mpaka kolekezera maso, moti mphepo inasowa china chokankha koma tenti yanga. Ndikukhoma chikhomo choyamba, tenti inali itayamba kale ulendo wa ku Manitoba, ine pambuyo, patapata m'manja. Ndipo taganizani abale, malo ogona pansiwo ndinachita kulipira, bedi nditalisiya m'nyumba ya lendi. Mayi anga asamve, adzati andilodza.

Mamawa, laisensi yowedzera ili m'thumba (inde, nayonso ndi yogula), anandionetsa madzi mwaulemu. Amati m'menemu mu 2009 Sean Konrad anawedza nsomba ya rainbow trout ya makilogalamu pafupifupi 22, mbiri ya dziko lonse lapansi, ndiye maso onse anali pa ine. Nyongolotsi inakana kulowa kumbedza mpaka kamtsikana ka mnzanga kanandithandiza mwachifundo. Nditaponya, mbedza inakola chipewa changa. Ndinafotokoza kuti kwathu timayamba taona kaye kumene mphepo ikulowera.

Dzuwa litapendeka, chinthu chinakoka. Inali nsomba yaitali ya mano osongoka, eni ake amati jackfish. Mumtima ndinali nditatereka kale madzi a nsima, tomato ndi anyezi ndikuzionera patali. Mnzanga anaiyeza, anaijambula ili m'manja mwanga, kenako anaibweza m'madzi, akuti yaikulu chonchi ndiyo imaswana. Ndiwo, anthuni! Ndinamwetulira kuti ndioneke wophunzira, koma misozi inali pafupi.

Luso langa lenileni linali kumtunda. Tchire lonselo ndi mauna a tiagologolo tonenepa totchedwa gopher, timene timaima chilili n'kumakuyang'ana mopanda mantha. Nditanena kuti andipatse khasu ndi kautsi pang'ono aone mmene a ku Dedza timasakira mbewa, pamsasa panangoti zii. Mkazi wa mnzanga anasendeza mwana wake kufupi. Tinadya nyemba za m'chitini kunja kukuwalabe 9 koloko ya usiku, udzudzu nawo ukudya ine.

Pano akuti tibwererenso mu Januwale, nyanja itauma gwa, tikaboole ayezi n'kumawedza pabowo. Wodziwa matenda omveka bwino oti ndinamizire andiuze msanga, chonde.