Ulemu kwa a Nkhutukumve, mlendo wa m'kompyuta

Lero ndavala jekete, nsapato ndapukuta, chifukwa ndikufuna kutamanda wamkulu wina amene anthu amangomutukwana usiku ndi usana. Dzina lake la kusukulu ndi virtual machine, kompyuta yopanda thupi yokhala m'mimba mwa kompyuta inzake. Akatswiri amaitcha mlendo, ndipo kompyuta yogwirika ndi manja ija amati mwininyumba. Ine mlendoyu ndimamutcha a Nkhutukumve, ndipo ndikamatchula dzinali ndimavula chipewa.

Iwowa sabwera pakhomo popanda chifukwa. Pali pulogalamu yotchedwa Dragon NaturallySpeaking, imene kampani ya James ndi Janet Baker inatulutsa ku America mu 1997: iwe kuyankhula, iyo kulemba. Kwa munthu amene mikono inaphwanya ndi kiyibodi, kapena loya wa makalata mulu, ameneyu ndi mlembi wosapempha tiyi. Koma Dragon amagona m'nyumba ya Windows. Ku Linux sanapondeko, ndipo ku Mac anatsanzika mu 2018. Tsono munthu wa Linux amatenga pulogalamu ya VirtualBox, n'kumanga kagowelo m'kati mwa kompyuta yake, n'kulowetsamo Windows, n'kumuyalira Dragon mphasa. Zonse zatheka. Wakhosomola, wasendera pafupi ndi maikolofoni, wayamba chiganizo chake choyamba. Zii.

Ulemu wanga umayambira pa zii ameneyu. Masiku ano chilichonse chili ndi makutu. Foni, wailesi ya kanema, ngakhale wotchi ya pamkono, zonse zili tcheru kudikira kuti uzitchule dzina. A Nkhutukumve analeredwa mwina. Amabadwa pakamwa pali potsegula koma makutu ali otseka: kabokosi kololeza mawu kutuluka umakapeza kochonga kale, pamene kololeza mawu kulowa uyenera kukasakasaka wekha. Ndi mlendo uti winanso angagone chipinda choyandikana ndi chako osatolako ngakhale liwu limodzi la mkangano wanu wa ndalama za ndiwo?

Ukachonga kabokosiko usadumphe ndi chimwemwe, pakuti mfumu saiyankhula mwachindunji. Mawu ako amachoka pakamwa n'kulowa mu maikolofoni. Mwininyumba amawalandira n'kuwapereka kwa nduna yake, PulseAudio kapena PipeWire. Ndunayo imauza VirtualBox, VirtualBox amanong'oneza khadi ya mawu yongoyerekezera, khadiyo imafuna driver womva chiyankhulo chake, ndipo pamapeto pake Windows amayamba wafunsa ngati mapulogalamu ali ndi chilolezo chomvera. Ngakhale chinkhoswe cha mwana wa mfumu sichikhala ndi amkhalapakati ochuluka chonchi. Aliyense amawasunga mawuwo pang'ono, mwaulemu. Mwininyumba akatanganidwa ndi ntchito zake, mlendo amadikira, ndipo mawu amafika ena oduka mutu, ena oduka mchira. Dragon ndiye safuna kukuchititsa manyazi pokuuza kuti sanamve. Amangolemba zimene akuganiza kuti munthu wanzeru akadanena.

Nanga kusunga mwambo! Makutu amene a Nkhutukumve amabwereka alipo atatu: Intel HD Audio la 2004, AC97 la 1997, ndi SoundBlaster 16 la 1992. Achinyamata amataya foni ya chaka chatha ati yakalamba, koma akuluwa akusungabe khutu la nthawi imene a Kamuzu anali pampando. Ukawaveka la AC97, Windows wamakono amaliyang'ana ngati wachibale amene sanamuonepo, n'kukana kumupatsa moni. Ine sindiwadzudzula. Kusintha makutu atatu usiku umodzi, uku ukuzimitsa ndi kuyatsa, ndi maphunziro a kudekha amene ena amalipira ndalama zambiri kuti awapeze.

Odziwa amati njira yachidule ndi kugula maikolofoni ya USB n'kuipereka kwa mlendo yonse, osadzera kwa nduna. N'zoona, mawu amafika oyera. Koma ngakhale pamenepa pali mwambo wake. Ku Linux uyenera kulembetsa kaye m'gulu lotchedwa vboxusers, utuluke, ulowenso, ngati munthu wolowa mpingo watsopano. VirtualBox 7.0 asanabwere mu 2022, unkafunikanso Extension Pack kuti USB 2.0 igwire ntchito. Ndipo taonani kukhulupirika kwake: chimene wawapatsa a Nkhutukumve ndi chawo. Mwininyumba amaiwaliratu kuti pakhomo pano panali maikolofoni. Abwana akakuitanira ku msonkhano wa pa intaneti, amangoona milomo yako ikugwedera ngati ya chambo m'ukonde. Ndi angati mwa ife amene tinalakalakapo chifukwa chomveka chokhalira chete pa msonkhano?

Chinsinsinso amasunga. Zimene Dragon walemba zimatsalira m'gowelo momwemo, chifukwa dzanja lake silifika pa mawindo a mwininyumba. Kuti kalata ituluke, uike Guest Additions, utsegule njira yokopera, uzinyamula ndime imodziimodzi ngati madzi a pachitsime.

Za Chichewa ndiye musavutike nazo, Dragon sanachiphunzire. Umayankhula Chingerezi, pang'onopang'ono, liwu lililonse palokha, msana uli chilili, mpaka anansi kuganiza kuti walowa m'mapemphero a usiku. Chiganizo chomwecho kachisanu, kachisanu ndi chimodzi. Kenaka nduna zonse zimagwirizana mwadzidzidzi, kamzere kosonyeza mawu kayamba kuvina, mtima wako uli phaphapha. Ukukoka mpweya kuti uyambe, chitseko chatseguka, mwana wasuzumira: "Ababa, amayi akuti nsima ikuzizira." A Nkhutukumve amva zonse bwinobwino, koyamba chiyambire madzulo, ndipo Dragon wazilemba m'Chingerezi chimene ngakhale ku London sangachimasulire.