Nkhono Yanga ya ku Area 23

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene anayambitsa mawu amenewa ndikukhulupirira kuti analibe mkwatibwi pakhomo wofuna zithunzi zake. Iye anali ndi nkhono yeniyeni ndi mthunzi wa mtengo wa mango, ndipo panalibe womulipiritsa lendi. Nkhono yanga ine inali yamagetsi, yakuda bii, yamakona anayi, ndipo inkakhala pansi pa thebulo m'kachipinda kanga kokonzeramo zithunzi ku Area 23, kwa a Tsabango kuno. Anthu amati CPU. Ine ndinkati Agogo.

Agogo ndinawagula pa kaunjika. Makompyuta a mtundu wawo, ma Dell OptiPlex ndi ma HP Compaq Elite aja, anagwira ntchito m'maofesi akunja cha m'ma 2012, ndiye atapuma pa ntchito anawoloka nyanja kudzakalambira kuno, kumene okalamba sapuma. Anga anabwera ndi purosesa ya Intel Core i5 ya m'badwo wachitatu, RAM ya 4GB ndi hard disk ya 500GB. Wogulitsa anamenya pamwamba pake ngati akugulitsa mbuzi. "Iyi ndi ndege, bigi." Sananame kwenikweni, chifukwa phokoso linali la ndege ndithu. Kuuluka kokha ndiko kunalibe.

M'mawa uliwonse mwambo unali umodzi. Ndinkadina batani, n'kukoleza mbaula, n'kutereka madzi a tiyi, n'kupita kukagula mandasi, n'kupatsa moni onse a mu mzere wathu mpaka kwa wometa, kufunsa za odwala ndi za mpira wadzulo. Pobwera ndinkapeza timadontho tija tikuzungulirabe pa sikirini ngati ana osewera chipako. Windows ikadzuka, ndinkadina Photoshop, ndipo apo ndiye panali mpata wa bawo imodzi yathunthu.

Ntchito yanga ndi ya Loweruka. Ukwati, chinkhoswe, kuvundukula chiliza, ana omaliza sukulu ya mkaka atavala mikanjo ngati mapulofesa. Kamera ya 24 megapixel ikajambula chithunzi chosaphika, chimene ojambula timati RAW, chimodzi chimalemera pafupifupi 25MB. Ukwati wa ku Kawale kapena ku Chilinde, ndi pelekani-pelekani wake wosatha uja, umabwera ndi zithunzi 800 mosavuta. Zimenezo ndi 20GB, ndipo chithunzi chilichonse chili ndi mwini wake amene ali ndi madandaulo. Uyu akuti ndichotse ziphuphu. Uyu akuti ndimuyeretseko pang'ono, koma osati mpaka apongozi amusowe. Wina amabwera madzulo, amatseka chitseko, n'kuloza munthu amene waima pambali pake pa chithunzi: "Awa achoke." Sindifunsa chifukwa. Ndimafunsa kokha kuti dzanja lili paphewalo nalo lichoke kapena ayi.

Zonsezi Agogo ankazichita, koma pa nthawi yawo. Ukakoka mausi kuti ufafanize chiphuphu, unkakhala n'kudikira. Chiphuphu chinkachoka utaiwala kale kuti unachituma kuchoka. Mkati mwa bokosi munkamveka kuti kr-kr-kr, ngati khoswe wapeza chimanga.

Apa m'pamene mwambi unandigwirira ntchito zaka zitatu. Kasitomala akafika nkhope ili gwa, ndinkapinda manja mwaulemu, n'kutsitsa mawu ngati mkulu wa mpingo. "Mayi, kuona maso a nkhono n'kudekha." Ambiri ankagonja, chifukwa Mmalawi satsutsana ndi mwambi pagulu. Koma tsiku lina kunabwera mayi wina wa ku Biwi amene ndinamujambula ukwati wake kalekale. Anabwera ndi mwana kumbuyo. Nditangoyamba kuti "kuona maso," anandidula.

"Achimwene, ine sindinalipire maso a nkhono. Ndinalipira alubamu. Mwanayu wayamba kukwawa, ndipo akuiposa nkhono yanuyo."

Madzulo ake ndinaitana mwana wa mlongo wanga, mnyamata amene amakonza mafoni ndi makompyuta. Ndinali nditakonzeka kumva kuti Agogo atisiya, tisonkhe za bokosi latsopano. Iye sanatsegule n'komwe. Anadina mabatani atatu, Ctrl, Shift ndi Esc, n'kutulukira kawindo kotchedwa Task Manager, kenako anandiuza kuti nditsegule chithunzi monga ndichitira masiku onse. Ndinatsegula. Anakhala phee, maso pa manambala, kwa mphindi zingapo.

"Ankolo, taonani apa. Purosesa ikungogwira ntchito pang'ono chabe, yakhala ikusosola ndevu. RAM yadzaza. Disiki ili pa 100. Zaka zonsezi simunayang'anepo apa?"

Sindinayang'anepo. Mwambi uja uli ndi mawu awiri, kuona ndi kudekha, ndipo ine ndinatola kudekha n'kusiya kuona panjira. Nkhono yeniyeni ili ndi maso kunsonga kwa tinyanga tiwiri tatitali, ndipo ukaigwedeza imatibweza mkati. Wodekhayo amadekha atayang'anitsitsa kuti aone tinyangato tikutuluka. Ine ndinkadekhera kwa wogulitsa mandasi.

Mnyamatayo anandifotokozera ngati akufotokozera munthu wa kumudzi, ndipo sindinakwiye chifukwa ndinamva. Purosesa ndi mayi wophika. RAM ndi lichero limene amaikapo zimene akugwiritsa ntchito pompo. Hard disk ndi nkhokwe, ndipo pali kamwana kamene kamatumidwa kukatapa. Mayi wanga wophika anali wamphamvu ndithu, koma lichero linali ngati chivundikiro cha poto, nkhokwe ili kuseri kwa dambo, kamwana kali ndi chilonda kuphazi. Photoshop ikaona kuti lichero ladzaza, imayamba kuthira zotsala pa disiki, pamalo pamene amati scratch disk. Ndiye kuti kamwana kaja kamathamanga ulendo wopita ndi wobwera pa chiphuphu chilichonse.

Mkati mwa hard disk muli mbale zozungulira maulendo 7,200 pa mphindi, ndi kamkono kamene kamayendayenda pamwamba pake kufunafuna pamene panalembedwa chinthu, monga singano ya galamafoni ya agogo athu enieni. Nzeru imeneyi ndi yakale. Kampani ya IBM inatulutsa hard disk yoyamba mu 1956, ya mbale 50, yaikulu ngati mafiriji awiri, ndipo zimene inkasunga sizikanakwana ngakhale chithunzi chimodzi cha mkwatibwi wanga. Disiki yamakono yotchedwa SSD ilibe mbale, ilibe kamkono, ilibe choyenda chilichonse. Hard disk yabwino imatapa pakati pa 100 ndi 150MB pa sekondi ngati zinthu zili pamodzi, pamene SSD yolumikiza pa chingwe chomwecho cha SATA imafika cha m'ma 500. Koma mpikisano weniweni uli pa tinthu ting'onoting'ono tomwazikana, pamene kamkono kaja kamataya nthawi kusakasaka ndipo SSD imangotola.

"Ndiye tigule ziwiri basi, Ankolo. SSD ndi RAM. Zinazo musiye."

Anandilembera pa kapepala. Kapepalako ndinakaiwala m'thumba la buluku limene linali pa chingwe. Ndinakwera minibasi wa mtauni ndili ndi chikhulupiriro chakuti RAM ndi RAM. Mitengo inandilandira bwino. Chilichonse cha kompyuta chimabwera ndi dola, ndipo chichokereni November 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ogulitsa sachitanso manyazi potchula mtengo, amangoyang'ana kudenga. Ndinazungulira Malangalanga yonse, ndinawoloka mlatho, ndinabwerera. SSD ya 480GB ndinaipeza. Pa RAM mnyamata wa pa shopu ina anandifunsa kuti DDR3 kapena DDR4. Ndinaganiza mwa ine ndekha kuti munthu wanzeru sasankha 3 pamene 4 alipo.

Kunyumba RAM ija inakana kulowa. Ndinaitembenuza, inakana. Ndinayamba kukanikiza ndi chala chachikulu mpaka mwana wa mlongo wanga anandigwira dzanja ngati akulanditsa mwana kwa bambo waukali. DDR3 ili ndi timano 240, DDR4 ili ndi 288, ndipo kampata ka pakati kali pamalo osiyana dala, kuti anthu ngati ine tisaphe makina. Mawa lake ndinabwerera mtauni kukasinthitsa, ndipo ndalama ya minibasi ya maulendo awiri ija ndimaiwerengera pa mtengo wa maphunziro. Ndinabwera ndi timitengo tiwiri ta 8GB, kupanga 16.

Tsiku lotsegula bokosi ndinaona fumbi la Lilongwe la zaka zitatu litagona mwamtendere. Aliyense wokhala kuno amalidziwa fumbi la September ndi October, lofiira, lolowa ngakhale m'poto wovundikira. Pa fani linali litaumbana ngati bulangete. Munalinso mphemvu ziwiri zimene zinamwalira kalekale, ndi khoko la mtedza limene mpaka lero palibe wavomera. Tinatulutsa Agogo panja n'kuwapopa ndi pampu ya njinga, mnyamata atagwira fani ndi chala kuti isazungulire mopenga. Mayi wa nyumba yoyandikana anaanula zovala zake osanena kanthu, koma kaanulidwe kake kanali ndi mawu.

SSD ndi kanthu kopepuka, kochepa kuposa foni, ndipo m'bokosi lakale mulibe malo ake enieni. Tinaimanga ndi mphira wa chubu cha njinga, monga amangira katundu wa kabaza. Ndinadandaula, koma anandikumbutsa kuti mulibe chozungulira, ingagwire ntchito ngakhale italendewera. Windows ndi Photoshop zinapita pa SSD, scratch disk nayo pomwepo, pamodzi ndi zithunzi za sabata imene ndikugwira. Hard disk yakale sitinaitaye. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Inatsala m'bokosi momwemo kukhala nkhokwe ya maukwati otha, ndipo mnyamata anandilumbiritsa kuti chilichonse chizikhala pawiri, china pa disiki yapadera yosungidwa mu kabati. Hard disk nthawi zambiri imadwala kaye, imalira, imakupatsa mpata woitana abale. SSD ikhoza kungogona osadzukanso, popanda kutsanzika.

Nditadina batani, ndinatembenuka kuti ndikakoleze mbaula mwa chizolowezi. Ndisanapeze machesi, Windows inali itadzuka kale, ikundiyang'ana.

Chimwemwe chinandipatsa matenda atsopano. Ndinayamba kufunsa za graphics card, za purosesa yaikulu, za timagetsi tobiriwira tija ta m'makompyuta a anyamata amasewera. Mnyamata anandikhazika pansi. Bokosi lopyapyala ngati langa lili ndi power supply ya mawati 240 okha, ndipo khadi lalikulu silingakwane n'komwe, chitseko sichingatsekeke. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Anandiuzanso zoona zina zosakoma. Potulutsa zithunzi 800 kukhala JPEG, ntchito ndi ya mayi wophika uja, ndipo iye ndi yemwe uja wa 2012, SSD singamubwezere utsikana. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo. Agogo ndi a m'badwo wachitatu. Tawagulira ndodo yabwino ndi magalasi, koma chiphaso chobadwira sichisintha.

Zimene sanandichenjeze ndi zimene ndataya. Wogulitsa mandasi anatuma mwana kudzafunsa ngati ndikudwala. Pa bawo malo anga anatenga wina. Nkhani za mu mzere wathu ndimazimva zitazizira, ukwati wa wometa unatha ine osadziwa. Ndipo mayi a kunyumba, amene kwa zaka zitatu ankamva kuti ndachedwa chifukwa cha kompyuta, anabwera kudzaiona ikutsegula zithunzi khumi nthawi imodzi. Anayang'ana sikirini, anayang'ana ine.

"Ndiye tsopano muzinamizira ndani, bambo?"

Lachinayi lapitali mayi wa ku Biwi uja anabweranso, ulendo uno za zithunzi za ubatizo wa mwana yemwe uja. Ndinali ndisanazikhudze. Sabata yonse ndinaithera kutsegula ndi kutseka Photoshop, kuitana anthu odutsa kuti adzaone liwiro. Anakhala pa benchi, mwana pamiyendo, maso pa sikirini imene inali yowala, yokonzeka, yopanda kadontho kozungulira ngakhale kamodzi. Ndinapinda manja, ndinatsitsa mawu, ndinatsegula pakamwa, koma mwambi unakana kutuluka.

Pomwepo magetsi anathima. Fani ya Agogo inazungulira kawiri n'kuima.

"Mwaonatu, mayi," ndinatero, mtima uli m'malo. "Ndimati ndizingoyamba kumene."