Gauni ndi ya Tonse, Fizi ndi ya Mwini Wake

M'matauni a pakati pa minda ya tiyi ku Thyolo, kuyambira pa Bvumbwe, pa Boma, pa Makwasa mpaka ku Luchenza, mwabuka munthu wa mtundu wina amene makolo athu sankamudziwa: wophunzira wa ku yunivesite wosachoka pakhomo. Masana ndi kalaliki wa pa sikelo, wolemba makilo a anthu othyola tiyi, kapena mphunzitsi wa ku pulayimale. Usiku ndi mwana wa sukulu, tochi ya foni ili kukamwa, akulimbana ndi asayinimenti. Mukamufunsa amati akuchita ODeL, maphunziro a patali. Ulemu amaulandira msanga ndithu. Dzina lake likangotuluka, pamaliro samuyikanso m'gulu la adzukulu, amamupatsa kope ndi cholembera kuti azilemba chipepeso. Kutchalitchi amamusankha ulembi popanda wopikisana naye. Ulemu wonsewu umathera pa tsiku lolipira fizi. Tsiku limenelo mafoni a abale amatha moto nthawi imodzi, netiweki imavuta chigawo chonse, ndipo malume amene dzulo ankati "mwana wathu" amayamba kunena kuti "mwana wa achemwali". Anthu amati vuto ndi umphawi, ndipo umphawiwo ulipodi. Koma ine ndikuti ndalama zochepa zimene tili nazozo timazitulutsa pa tsiku lolakwika.

Kuti fizi yakwera, palibe angatsutse. Mu 2016 Yunivesite ya Malawi itakweza fizi kufika pa K400,000, ophunzira anachita zionetsero mpaka Pulezidenti Peter Mutharika anachotsapo K50,000. Mu 2023 fizi ya wophunzira wamba m'mayunivesite ambiri a boma inafika pa K650,000 pachaka, ndipo mu November chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, itagwanso kale ndi 25 peresenti mu May 2022. Malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa mu February 2024 anali K90,000 pamwezi, kutanthauza kuti wolandira ndalama imeneyo akanagwira ntchito miyezi isanu ndi iwiri, osadya, osasamba ndi sopo, n'kutsalabe ndi ngongole ku ofesi ya akawunti. Maphunziro a patali ali ndi mitengo yakeyake, koma nayo imakwera phiri lomwelo. Pali ena amati wa ODeL zake n'zopepuka poti salipira hositelo ndipo amadya nsima ya kunyumba. Anthu otere sanawerengere bandulo ya intaneti imene imatha mphunzitsi asanamalize kupereka moni, ndalama yosindikizira mabuku pa kashopu ka pamsika, yotchajitsira foni kwa ometa tsitsi magetsi akazima, ndi ya basi yopita ku Mzuzu kapena ku Bunda kukaonana ndi aphunzitsi maso ndi maso. Yunivesite ya Mzuzu inachita bwino kutsegula nthambi ku Mulanje, komabe minibasi ya ku Mulanje simakweza munthu chifukwa choti ndi wanzeru. Chowawa n'choti Thyolo ili ndi yunivesite yakeyake, MUST, imene inayamba kuphunzitsa ku Ndata mu 2014. Kalaliki wathu amaidutsa ali pa kabaza, n'kuisirira, akupita kukasaka netiweki yotumizira asayinimenti ku sukulu ya kumpoto.

Nanga ndalama azitenga kuti? Boma linakhazikitsa bodi yobwereketsa ndalama kwa ophunzira mu 2015, ndipo chaka chilichonse opempha amachuluka kuposa ndalama. Bodiyo ikuthamangitsabe anthu amene anabwereka kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ena mwa iwo lero ndi mabwana a mimba zawo, omwe timawaitana kukhala alendo olemekezeka pa Paper Sunday kuti adzatilangize za kukhulupirika. Munthu wa pantchito, ngakhale malipiro ake amatha pa 5, papepala amaoneka wopeza bwino, choncho amayang'ana kwina. Kale banja la ku Thekerani kapena ku Masambanjati linkaphunzitsa mwana ndi nthochi, koma matenda a chisaka anapululutsa minda, moti lero Mthyolo amagula nthochi yochokera ku Tanzania kapena ku Mozambique, ali chinunu ndi manyazi. Kwatsala banki mkhonde. Amayi a banki mkhonde ndi achifundo pobwereketsa, safunsa satifiketi, safuna kalata ya kwa mfumu, koma amadziwa khomo lako, amadziwa kuti matiresi unagula liti, ndipo tsiku logawana likayandikira amabwera onse khumi ndi asanu kudzakuona ngati wadzuka bwino. Pamapeto pake pali wakatapila, yemwe amasunga khadi yako ya ku banki mosamala kuposa mmene iwe ukanaisungira. Achimwene a ku Joni nawo amathandiza: amatumiza chithunzi atayima pafupi ndi galimoto ya eni ake, ndi mawu akuti limbikira mphwanga.

Tsopano bwerani pa tsiku la gauni, zaka zinayi kapena zisanu zitadutsa. Mafoni onse achira. Abale achita hayala minibasi, amayi asoketsa nsalu yofanana, wophunzira wavekedwa nkhata za maluwa a pulasitiki mpaka khosi silikuoneka. Kumudzi kwakhomedwa tenti, keke yafika kuchokera ku Limbe, wa zoimbira wayesa kale zokuzira mawu kuyambira m'mamawa, ndipo makashiya akhala patebulo ndi mabeseni, okonzeka kusintha K5,000 kuti munthu aziponya pang'onopang'ono nyimbo isanathe. Mwinimbumba, yemwe pa zaka zonsezi anathandizapo ndi malangizo, amaimirira, kukonza tayi, n'kunena kuti mwana ameneyu tamuphunzitsa movutika. Anthu amalulutira. Perekani-perekani amayamba ndi akuchimuna, kenako akuchikazi, a kumpingo, anzake a ku fakitale, onse amene anavala zofiira, onse amene amamwa tiyi. Ndalama zimaulukadi, ndipo izi n'zimene zimanditsimikizira kuti zinalipo. Zikawerengedwa, zimalipira tenti, mipando, wa zoimbira ndi nkhuku zimene adya oponya ndalamawo. Zotsala amatenga bambo wina amene wavina kwambiri kuposa onse, ndipo ali ndi ufulu wovina, poti mwa anthu onse a pamwambowo, wakatapila yekhayo ndiye analipiradi fizi.

Maganizo anga ndi akuti perekani-perekani ameneyu asamuke, achoke kumapeto abwere kumayambiriro, ndipo agawidwe semesita iliyonse. Wina anena kuti, nanga mwanayo akalephera mayeso ndalama zathu zipita kuti? Funsoli likanakhala lanzeru tikanakhala kuti timalifunsanso kwina. Timaponya ndalama pa chinkhoswe, pa bridal shower, pa send-off ndi pa ukwati weniweniwo, kanayi konse kwa anthu awiri omwewo, ndipo maukwati ena amatha mvula isanagwe, koma sindinamvepo ankhoswe akuitanitsa msonkhano wobweza ndalama za anthu. Wa ODeL amakhala ndi pepala la zotsatira semesita iliyonse, umboni umene banja latsopano silingapereke. Wina anena kuti kusonkhetsa fizi ndi kupemphetsa, n'kochititsa manyazi. Koma beseni ndi lomwelo, kashiya ndi yemweyo, chasiyana ndi chakuti pa tsiku la fizi palibe wojambula zithunzi. Ngati vuto ndi limenelo, wojambulayo aitanidwe, gauni ibwerekedwe kwa amene anamaliza chaka chatha, aliyense ajambulitse atagwira risiti ya ku banki.

Chotsutsa cholemera ndi chakuti kuphunzitsa nzika ndi udindo wa boma, ndipo tikazolowera kusonkherana, akuluakulu agona tulo. Izi n'zoona, ndipo phungu akabwera kudzagawa mipira ndi mayunifolomu a timu ya m'mudzi, afunsidwe za ngongole za ophunzira a patali. Koma ofesi ya akawunti sidikira kuti Nyumba ya Malamulo ikumane, ndipo amene sanalipire salowa m'chipinda cha mayeso. Komanso kudzilipirira maphunziro a patali si chinthu chachilendo kuno. Malawi Correspondence College inayamba mu 1965, ndipo masukulu ambiri a maphunziro a patali a MCDE amene anasanduka masekondale a CDSS mu 1998 anamangidwa ndi njerwa zoumba makolo. Agogo athu ankaumba njerwa sukulu isanayambe, ife tikuphika mpunga sukulu itatha. Eni minda ya tiyi nawo ali ndi gawo lawo. Kuyambira 2016 bungwe la ogwira ntchito la PAWU ndi Tea Association of Malawi amakhala pansi kukambirana za malipiro, ndipo patebulo lomwelo pangathe kukambidwa za ngongole ya fizi yodula pang'onopang'ono kumalipiro. Makomiti oyendetsa ndalama za Fairtrade, amene amangapo midadada ya sukulu ndi mijigo, angaganizirenso kalaliki amene akufuna digiri, poti esiteti imene yamuphunzitsa yokha siyidzavutika kusaka wa akawunti ku Blantyre.

Otsiriza ndi aja amati digiri masiku ano ilibe ntchito, amene ali nayo akuyendetsa kabaza. Alipodi otero, ndipo mipando ya umanijala pa esiteti ndi yowerengeka. Koma wa ODeL nthawi zambiri amakhala kale pantchito, chimene akufuna ndi kukwera giredi, kuchoka ku pulayimale kupita ku sekondale, kuchoka pa sikelo kupita mu ofesi. Chofunika kusamala n'chimodzi: musanaponye ndalama, fufuzani ngati sukuluyo ndi maphunzirowo zili pa mndandanda wovomerezeka ndi bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE, chifukwa pa intaneti pali mayunivesite ena amene nyumba yawo yonse ndi nambala ya foni, ndipo gauni yawo imawala kuposa ya ku Zomba.

Ndiye inu eni mbumba, atsibweni, azakhali ndi achimwene a ku Joni, semesita ikubwerayi musadikire khadi yoitanira kuphwando. Funsani nambala ya akaunti ya yunivesite ndi nambala ya wophunzirayo, mukalipire nokha ku banki, risiti musunge. Pa tsiku la gauni tidzayamba tawerenga marisiti, ndipo amene alibe adzadya nawo mpunga, koma maikolofoni sadzaigwira.