Mlandu wa Nkhuku Yokazinga ku Boston

Mu Okutobala 2011, mumzinda wa Boston ku America munalibe wamlandu wamkulu kuposa nkhuku. Osati yamoyo, yopalasa pabwalo, koma yokazinga kale, yonona bwino, yogula ku Popeyes. Imeneyi ndiyo inkatchulidwa pa wailesi m'mawa, kometetsa tsitsi masana ndi m'mabala usiku, ati ndiyo yagwetsa timu ya baseball ya Red Sox.

Kagwedwe kake kanalidi kochititsa manyazi. Kumayambiriro kwa Seputembala timuyi inali patsogolo pa Tampa Bay Rays ndi masewero 9 polimbirana malo opitira ku ndime ya chipulula, moti ochemerera anali atayamba kale kuganiza za matikiti. Mwezi umenewo inasewera masewero 27, n'kupambana 7 okha. Tsiku lomaliza, pa 28 Seputembala, inali ku Baltimore kukakumana ndi timu yomwe inali kumchira kwa gulu lawo. Boston inkatsogola 3-2. M'chigawo chomaliza Jonathan Papelbon anatulutsa omenya awiri oyamba, n'kutsala mmodzi yekha kuti anthu akagone mwamtendere. Atatu otsatira anamenya onse. Mpira wa Robert Andino unkagwera patsogolo pa Carl Crawford, iye anatsetsereka kuti auwakhe, unamupulumuka, basi Baltimore 4, Boston 3. Patangopita mphindi zochepa, ku Florida, Evan Longoria anamenya mpira wodumpha mpanda, ndipo Tampa Bay, yomwe usiku womwewo inali kumbuyo 7-0 kwa New York Yankees, inapambana 8-7 n'kutenga malo aja.

Amene sanaonerepo baseball angodziwa izi kuti nkhani ya nkhukuyi imveke. Timu imasewera masewero 162 pachaka, pafupifupi tsiku lililonse. Mkono wa munthu sungapirire kuponya mwamphamvu tsiku ndi tsiku, choncho timu imakhala ndi oponya asanu oyambitsa masewero, amene amasinthana. Ukaponya lero, masewero anayi otsatira ntchito yako ndi kupumitsa mkono, kuthamanga pang'ono ndi kukhala pabenchi kulimbikitsa anzako. Luso la woponya amaliyeza powerenga zigoli zomwe amalola pa zigawo 9. Zitatu ndiye katswiri, zinayi ndiye munthu wamba. Mu Seputembala uja oyambitsa masewero a Boston onse pamodzi ankalola 7.08. Omenya analibe mlandu, chifukwa chaka chimenecho anagoletsa 875, kuposa timu ina iliyonse. Vuto linali kwa oponya, ndipo pamenepo aliyense ankagwirizana. Mkangano unali pa funso lakuti walakwa ndani.

Yankho loyamba linabwera ndi nyuzipepala ya Boston Globe pa 12 Okutobala. Mtolankhani Bob Hohler analemba kuti oponya atatu akuluakulu, Josh Beckett, Jon Lester ndi John Lackey, masiku omwe sankaponya ankakonda kutsalira m'chipinda chosinthira zovala masewero ali mkati, kumwa mowa, kudya nkhuku yokazinga ndi kusewera magemu a pa TV. Mzinda unalumpha ndi chimwemwe cha munthu amene wapeza wakuba wake. Oimba foni ku wailesi za WEEI ndi 98.5 anasanduka madokotala a zakudya tsiku limodzi. Wina ankati anaona kalekale kuti mimba ya Beckett ikukula kuyambira mu Julayi. Wina ankati mafuta a nkhuku amatereretsa zala. Panalinso ena amene mowa sunawapweteke mtima, koma magemu, ati bambo wamkulu wolandira mamiliyoni angakhale bwanji pa TV ndi tizitsulo m'manja anzake akuvutika panja. Lester sanabise kwambiri. Anavomera kuti mowa ankamwa mwa apo ndi apo masewero akupita kumapeto, ndipo nkhuku ankaitanitsadi nthawi zina, koma anakana kuti n'zimene zinagonjetsa timu. Kuvomerako kunangowonjezera nkhuni pamoto.

Chomwe a gulu la nkhukuli sankafuna kumva n'chakuti Beckett, ndi mimba yakeyo, anamaliza chaka akulola 2.89, chiwerengero cha katswiri, ndipo anayamba kuvutika atabinya kakolo kumayambiriro kwa Seputembala. Lester ndiye anayambitsa masewero omaliza aja ku Baltimore atapuma masiku atatu okha m'malo mwa anayi, n'kulola zigoli ziwiri pa zigawo 6. Ngati inali nkhuku, ndiye kuti tsiku limenelo inamuyanja.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Manejala wa timu, a Terry Francona, anachoka patangotha masiku awiri chigonjereni. Awa ndi bambo amene mu 2004 anabweretsa chikho chomwe Boston inachidikira zaka 86, n'kubwerezanso mu 2007. Zaka zonsezo anthu ankawatamanda kuti amadziwa kukhala ndi osewera ngati anthu akuluakulu, samakalipa pagulu, samalondalonda munthu. Mu Okutobala 2011 khalidwe lomwelo linasintha dzina, linakhala kulekerera. Madalaivala a taxi ankati manejala weniweni akanalowa m'chipindamo n'kutaya mabotolo. Nkhani ya mu Globe ija inaulutsanso za moyo wawo wa kunyumba, zomwe eni ake anakana kuti zinakhudza ntchito, ndipo apa mzinda unagawikananso. Theka linkati zaululika. Theka lina linkafunsa kuti wauza mtolankhani zimenezi ndani, popeza nkhani zotere sizichokera kwa wogulitsa matikiti. Maso anayamba kuyang'ana kumaofesi apamwamba.

Asanafike kumeneko, anthu anaima kaye pa a Curt Young, mphunzitsi wa oponya. Munthu wa ntchito imeneyi amaoneka kamodzi kapena kawiri pa masewero. Woponya akayamba kumenyedwa, iye amatuluka pabenchi, kuyenda pang'onopang'ono kukafika pakachulu kapakati, kugwira mnyamatayo paphewa, kunong'ona mawu angapo atatseka pakamwa ndi dzanja kuti adani asawerenge milomo, n'kubwerera. Mpira wotsatira ukamenyedwa kudumpha mpanda, bwalo lonse limadziwa kuti wanong'ona zolakwika. A Young anali chaka chawo choyamba ku Boston, atachokera ku Oakland kumene oponya awo ankachita bwino. Analowa m'malo mwa a John Farrell, amene anapita kukakhala manejala ku Toronto, ndipo mphekesera inali yakuti a Farrell ankaopedwa pamene a Young ankangokondedwa. Chaka chitatha a Young anabwerera ku Oakland. Wolimbitsa matupi a osewera nayenso anachotsedwa ntchito, ati chifukwa cha mimba zija. Ngakhale owakha mpira kumbuyo kwa womenya, Jason Varitek ndi Jarrod Saltalamacchia, anapatsidwa gawo lawo, popeza ndi amene ankalozera woponya ndi zala mtundu wa mpira woti aponye.

Amene amadziona ngati odziwa kuwerenga ndalama ankaseka zonsezi. Iwo ankati mphunzitsi amaphika ndiwo zomwe wapatsidwa, ndipo wopita kumsika anali a Theo Epstein, mkulu wogula osewera. Ndi iwo anapatsa Lackey kontirakiti ya zaka 5 ya madola 82.5 miliyoni mu Disembala 2009, ndipo mu 2011 Lackey analola 6.41. Anthu akanamukhululukira mwina, koma munthuyu anali ndi chizolowezi chotambasula manja ndi kukwinya nkhope mnzake akalephera kugwira mpira, komanso kuyang'ana manejala ndi diso loipa akabwera kudzamuchotsa. Ndi a Epstein omwewo anapatsa Crawford, uja mpira unamupulumuka, madola 142 miliyoni pa zaka 7. Okutobala asanathe a Epstein ananyamuka kupita ku Chicago Cubs. Ena anati athawa moto woyatsa okha, ena anati aona patali.

Pamwamba pa onse panali mwini timu, a John Henry, ndipo apa ochemerera Liverpool atchere khutu, chifukwa ndi bambo omwewa amene gulu lawo linagula timu ya ku Anfield mu Okutobala 2010. Ku Boston anthu ankati mwamuna wakwatira mkazi wachiwiri, mtima ndi chikwama zapita kutsidya la nyanja. Akamva kuti Liverpool yalipira mapaundi 35 miliyoni kugula Andy Carroll, ankawerengera kuti ndalama imeneyo ikanagula oponya angati. Globe inalembanso kuti osewera atadandaula ndi kusintha kwa ndandanda ya masewero chifukwa cha namondwe Irene, mabwana anawapepesa powapatsa mahedifoni a madola 300 ndi kuwaitanira ku boti lapamwamba la a Henry. Ndiye munthu woleredwa chonchi umuletse bwanji nkhuku? A Henry atatopa ndi kunenedwa anangotulukira okha ku situdiyo ya 98.5 pulogalamu ili mkati kuti adziteteze. M'kudzitetezako ananena poyera kuti iwo sankafuna kuti Crawford agulidwe, pamene mnyamatayo anali adakali ndi zaka 6 pa kontirakiti yake. Mzinda unapeza chokamba cha sabata ina yathunthu.

Panali gulu laling'ono limene silinkapeza womvetsera, chifukwa nkhani yake inali yosakoma. Iwo ankangowerenga odwala. Daisuke Matsuzaka anachitidwa opaleshoni ya chigongono mu Juni. Clay Buchholz anasiya kuponya mwezi womwewo chifukwa cha fupa la msana. Oyambitsa masewero awiri mwa asanu anatha chaka chili pakati. Erik Bedard, amene anagulidwa ku Seattle kuti atseke dzenje, nayenso thupi linkamuvuta. Zitatero timu inadalira mnyamata watsopano Kyle Weiland ndi malemu Tim Wakefield, amene anali ndi zaka 45 ndipo ankaponya mpira wapang'onopang'ono wosazungulira, uja umayenda mopepesuka moti ngakhale woponyayo sadziwa kumene ukagwere. Wakefield ankasaka chipambano chake cha 200, chimene chinamuzemba masabata angapo mpaka anachipeza pa 13 Seputembala. Oyambitsa akamachotsedwa msanga tsiku ndi tsiku, katundu amagwera olowa m'malo, ndipo Daniel Bard, amene chaka chonse anali wodalirika, mu Seputembala anagonja kanayi. Lackey uja ankanyozedwa, chaka chitangotha anapita ku opaleshoni ya Tommy John, yomwe amatenga mtsempha kwina m'thupi n'kuika m'chigongono, ndipo 2012 yonse sanaponye. Mabwana ankachidziwa chigongono chimenechi kuyambira pachiyambi, moti mu kontirakiti analembamo kuti chikadzamugoneka nthawi yaitali adzasewera chaka china chowonjezera pa malipiro otsikitsitsa a mu ligi.

Ine ndimaona kuti gulu limeneli ndilo linali pafupi ndi choonadi. Koma mzinda wokwiya uli ngati mudzi pa maliro a munthu wotchuka: kunena kuti wamwalira ndi matenda sikukhutiritsa aliyense, payenera kupezeka mfiti. Msana wa Buchholz sungaukalipire pa wailesi. Nkhuku ili ndi fungo, ili ndi bokosi, ndipo aliyense anaidyapo n'kudzimva wolakwa.

Achikulire ena m'mabala a pafupi ndi bwalo la timuyi la Fenway Park ankakumbutsa anzawo, akumwetulira, kuti timu yokondedwa ya 2004 sinali ya kwaya. Kevin Millar ankanena yekha monyadira kuti iye ndi anzake analawa kachasu wa Jack Daniel's asanalowe m'bwalo pa masewero aakulu olimbana ndi Yankees. Popeza anapambana, nkhaniyo imakambidwa mpaka lero ngati umboni wa umodzi ndi kulimba mtima.

Mabwana anamvera mzinda. Analemba ntchito a Bobby Valentine, munthu wa pakamwa pakuthwa, ndipo chimodzi mwa zoyamba kuchita chinali kuletsa mowa m'chipinda chija. Timu yosamwa imeneyi mu 2012 inapambana 69, n'kugonja 93, kumchira. Mu Ogasiti Beckett ndi Crawford anatumizidwa ku Los Angeles Dodgers, ndipo a Valentine anachotsedwa chaka chitangotha. Mu 2013 a Farrell anabwerera ngati manejala, Lackey anabwerera ndi chigongono chokonzedwa, ndipo pa 30 Okutobala ndi iye anaponya masewero omwe Boston inagonjetsa St. Louis Cardinals n'kutenga chikho pa Fenway Park, koyamba kuchitengera pakhomo kuyambira 1918. Akutuluka m'bwalo anthu anaimirira kumuombera m'manja, iye n'kuwakwezera chipewa. Lester anapambana masewero awiri pa mpikisano womwewo. Oimba foni aja anafotokoza kuti iwo sanakayikepo za anyamatawa.

Mu 2016 Lester ndi Lackey ananyamulanso chikho ali ku Chicago Cubs, timu ya a Epstein, yomwe inali isanachione kuyambira 1908. Amene anagonja pa masewero omalizawo anali Cleveland, ndipo manejala wake anali a Francona. Nyuzipepala ya Boston Globe, yomwe inaulula za nkhuku, a John Henry anaigula mu 2013 pa mtengo wa madola 70 miliyoni, ndalama yochepa kuposa ya kontirakiti ya Lackey.