Mkamwini sakhala Mufasa

Mnyamata amene amatiikira mafilimu m'timemore pamsika wathu wakweza mtengo, ndipo sanakweze mwaulemu ayi, wangowirikiza. Ndinapita kukaikitsa The Lion King chifukwa kamemore kathu kakale kanatopa, kanayamba kumaima pakati pa nyimbo. Atanditchulira ndalama, ndinamufunsa modekha: "Mphwanga, filimuyi inatuluka mu 1994. Mkango wake ukufera pomwe paja, afisi sanawonjezeke. Chakwera n'chiyani?" Iye osadzutsa n'komwe mutu pakompyuta: "Dola, madala."

Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola ndi imene ikuyankha milandu yonse m'dziko muno. Ngakhale mwana wogulitsa mbewa m'mbali mwa msewu wa M1 amakuuzani za dola, mwina mbewazo zimatsika ndege kuchokera ku Dubai. Chonsecho pa anthu onsewa, amene amagulitsadi katundu wake m'madola ndine, mlimi wa fodya. Koma dola yanga yokha ndi yamanyazi, siikwera.

Ndinalipira. Ndikanatani? Pakhomo panga shuga akhoza kusowa anthu n'kupirira, koma filimu iyi ikasowa palibe amene amandiyankhula. Tikaweruka kusoka fodya m'chigafa, manja ali bii ndi phula, tonse timaunjikana pa kawayilesi ka kanema koyendera batire la sola. Nyimbo yoyambirira ija, imene Lebo M wa ku South Africa amafuula m'Chizulu, ana anga amaiimba ndi mawu awoawo amene Mzulu weniweni atawamva akhoza kuitana apolisi. AnaBanda, mayi a ana anga, amang'ung'udza nyimbo za Elton John akupeta chimanga, osadziwa kuti bamboyo ndi ndani. Apongozi anga amalira nthawi iliyonse Mufasa akamwalira, ndipo amayembekezerabe kuti mwina lero apulumuka. Titamva mu 2024 kuti James Earl Jones, mwini mawu a Mufasa, wamwalira, anafunsa ngati chipepeso chikusonkhedwa.

Vuto linayamba pamene ana anaganiza zogawana maudindo. Chisomo anatenga Simba, mlongo wake anatenga Nala. Ine sindinapikisane ndi aliyense, ndinangokhosomola pang'ono n'kukhala bwino pampando, podziwa kuti pakhomo pano Mufasa alipo mmodzi yekha.

"Inu bambo a Chisomo," anatero anaBanda osandiyang'ana, "Mufasa amaonetsa mwana wake dziko lonse kuti ndi lawo. Inu mumuonetsa chiyani? Munda uwu ndi wa amayi."

N'zoona, ndili pachikamwini. Ndinabwera pamudzi pano ndi njinga ndi wayilesi. Koma si nkhani yoti izikambidwa pamaso pa ana filimu ili mkati.

Apongozi ndiye anaimaliza nkhaniyo, ndipo anagamula ndi filimu yomwe. Iwo akuti Azungu anaisokoneza. Pa Chichewa ufumu sutsata kuchimuna, umapita kwa mwana wa mlongo wake wa mfumu. Choncho Simba nayenso alibe mbali, bola Scar ndi mbale wake wa malemu. Chimene Scar analakwa, iwo akutero, ndi kulanda chuma cha amasiye ndi kubweretsa afisi m'mudzi osauza anyakwawa. Mlanduwu amauzenga mwezi ndi mwezi, ndipo ine ndi amene amandiyang'ana akamatchula afisi. Amakumbutsanso kuti filimuyi inatuluka chaka chomwe Mkango wa Malawi, wa konkuno ku Kasungu, unatsika pampando pa chisankho cha 1994, ndiye asauzidwe kuti zinangochitika. Ine pamenepo ndimangoti zii. Mkamwini salowa ndale za pakhomo pa eni.

Atandikaniza u-Mufasa, ana anandipatsa Pumbaa, njiri yamimba ija imene anzake amaithawa ikadya. Akuti anaona umboni tsiku la nyemba. Ndinachita apilo. Anandikweza kukhala Zazu, kambalame kamene kamabwera m'mawa uliwonse ndi malipoti opanda womvera, chifukwa inenso ndimafotokoza mitengo ya fodya imene ndamva pawayilesi anthu akuyasamula. Ndinakana. Ndinawauza kuti nyama zam'tchire sizili monga akuzionera pakanemapo: akafunse anthu okhala m'malire a nkhalango ya Kasungu, kumene mu 2022 anabweretsako njovu 263 kuchokera ku Liwonde, ngati njovuzo zimaimba zikalowa m'munda wa chimanga. Anati umenewonso ndi u-Zazu.

Udindo wanga weniweni ndinaupeza ndekha, ndipo uli koyambirira kwenikweni kwa filimu. Taonetsetsani. Dzuwa likutuluka, mbidzi, mbawala ndi nyama zina zayenda mtunda wautali, zasonkhana pansi pa thanthwe. Nyani akukweza kamwana ka mkango m'mwamba, ndipo zonse zikudumpha ndi chimwemwe kenaka n'kugwada. Zikugwadira chiyani? Kabadwa kanthu kamene kadzazidye.

Aliyense amene anakhalapo pa mwambo wotsegulira msika wa fodya pa Chinkhoma kapena ku Kanengo akudziwa kumene anazionapo zimenezi. Magule amavinidwa, akuluakulu amayankhula, mitengo yoyambira imalengezedwa, ife alimi n'kuwomba m'manja mpaka kuwawa. Mahema akachotsedwa, wogula amadutsa pa belo lako, kusolola kamtolo kamodzi, kukanunkhiza, basi walemba mtengo wa ntchito imene unaiyamba ndi nazale chaka chatha. Apo ayi alibweza. Pa ndalamayo achotsepo ngongole ya fetereza, ya galimoto, ya ziguduli, msonkho ndi zina zolembedwa m'zilembo zing'onozing'ono. Fodya ndi amene wakhala akubweretsa ndalama zakunja zambiri m'dziko muno kuyambira kale, koma pitani m'midzi ya ku Kasungu mu Febuluwale mukawerenge makomo a alimi a fodya amene akudya katatu. Ndipo mbawala nayo ili ndi chakudya chake. Ndikabwerako kumsika nditadyedwa, ndimakadya waganyu ndi tenanti, amene mu filimu muja ndi udzu. Udzu sanaupatse ndi nyimbo yomwe.

Zimenezi ndinazifotokoza pakhomo mwaukali ndithu, nditaimirira. AnaBanda anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati batire latha, ndipo mthunzi wa mtengo wa mango ukuphimba sola masana onse. Pakufunika munthu wamtali woti aziinyamula poyera kufikira tipeze ndalama ya mlongoti, umene nawonso wakwera ndi dola.

Choncho ndakwezedwa udindo. Tsopano ndine Rafiki, nyani uja. Dzulo ndinaima pamwamba pa chulu, manja onse m'mwamba, nditakweza sola kuloza kudzuwa, ana ali pansi akuimba Chizulu chawo chija. Mbuzi za apongozi zinasonkhana kudzaonerera. Palibe ndi imodzi yomwe imene inagwada.