Wopopera Abwere Kukada

M'tauni muno palibe nyumba yokhala ndi nsikidzi zakezake. Zonse n'zobwera: zinachokera kwa aneba, zinabwera m'sutikesi ya mwana wa ku sukulu yogonera komweko, kapena zinakwera minibasi pa Limbe n'kudzatsikira pa sofa. Manyazi amenewa ndi oopsa kuposa tizilomboto, chifukwa ndiwo amasankha munthu wodzapopera mankhwala. Kampani yolembetsa imafika dzuwa likuswa mtengo, pagalimoto pajambulidwa chimphemvu, mdadada wonse n'kudziwa. Ndiye bwana amaitana mnyamata wa pamsika kuti abwere kukada, atabereka pampu yopoperera thonje, mankhwala ali m'botolo la Fanta. Mukafunsa dzina la mankhwalawo, yankho n'lakuti, "Awa bwana ndi amphamvu, ngakhale njoka siima." Magolovesi alibe, pamphuno wakulunga mpango, ndipo mphika wa nyemba za mawa uli pambaula, wosavundikira.

Chikhalirecho lamulo lilipo. Pesticides Act ya 2000 inakhazikitsa Pesticides Control Board, ndipo wochita malonda opopera ayenera kukhala ndi chiphaso. Koma ife kufunsa chiphaso timakuona ngati mwano kwa mlendo. Wodziwa ntchito amatchula mankhwala ake, amalamula kuti chakudya, ziwiya, ana ndi mphaka zituluke, amanena nthawi yodikira panja ndi yotsekula mawindo. Amanenanso zosasangalatsa: mazira a nsikidzi amapulumuka kupopera koyamba, amaswa pakatha sabata ndi masiku ochepa, choncho ayenera kubweranso. Chimphemvu chija pakhomo kawiri! Choipanso kwambiri, amati mukauze aneba, poti nyumba zogundizana zimagawana ming'alu ndi denga, ndipo wopopera yekha amangosamutsira alendowo khomo lina.

Ena ati vuto ndi ndalama, kampani njodula. N'zoona, ndipo wa ku Ndirande kapena ku Mtandire sanganamizidwe kuti n'zotchipa. Komatu nsikidzi ndi mazira ake zimafa ndi kutentha: madzi owira m'mfundo za bedi, zofunda kuchapa m'madzi otentha n'kusita, ming'alu kumata. Zonsezi mtengo wake ndi makala basi. Chimavuta n'chakuti bedi liyenera kutuluka pabwalo anthu akuona, ndipo mayi wodutsa sangalephere kufunsa kuti, "Amake mwana, mukusamuka?"

Ena ati mankhwala a pamsika sachedwa. Sachedwadi, ndipo sasankha. Tameki amene timathirira makoswe ndi aldicarb, poizoni wa kumunda. Mapilitsi otetezera chimanga amatulutsa mpweya wa phosphine, umene umapha munthu wogona m'chipinda chotseka. Ku Naledi, ku Soweto, ana 6 anamwalira mu Okutobala 2024 ndi terbufos, mankhwala a kumunda ogulitsidwa m'misewu ngati ophera makoswe. Tsono nsikidzi, nkhanza zake zonse, sizidziwika kuti zimafalitsa matenda. Zimayabwitsa ndi kusowetsa tulo. Kuika ana pafupi ndi poizoni wopanda dzina pofuna kubisa kuyabwa ndi masamu amene mphunzitsi wa Sitandade 2 sangachonge. Ku Paris, kumene timati n'kwa anthu aukhondo, phungu wina mu 2023 analowa m'nyumba ya malamulo atanyamula kabotolo ka nsikidzi, n'kukaonetsa nduna masanasana, makamera akujambula.