Ulemu kwa Agogo Laputopu a ku Chirimba

Anyamata a masiku ano alibe ulemu. Akuti Agogo Laputopu akalamba, ndiye tisankhe chimodzi: tiwakwapule ndi overclocking kuti azithamanga kuposa mmene anawapangira, kapena tiwataye n'kugula watsopano. Kuwataya agogo amene anabadwa mu 2011, ThinkPad T420 wakuda bii, amene anagwira ntchito m'maofesi a ku UK mpaka kupumitsidwa, n'kuwoloka nyanja kudzayambiranso ntchito ku Chirimba!

Taonani ulemerero wawo. Mukawadzutsa m'mawa sayankha mopupuluma. Mumakatereka kaye madzi a tiyi, n'kudzawapeza akuganizabe. Batire anasiyana nayo kalekale, moti magetsi a ESCOM akangozima, iwonso amatseka maso pomwepo, ntchito yanu yosasungidwa n'kupita nayo. Mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, palibe anapuma mokwanira m'dera lino kuposa iwo. Mu June chiperoni chikamaomba, mumangoika manja potulukira mpweya wa fani, mwaotha basi, osagula makala. Za October tisanene.

Wa overclocking amalonjeza liwiro, koma sanena kuti liwiro limadza ndi kutentha, pomwe fani ya agogo inatsamwa kale ndi fumbi la m'Chirimba. Mwayi wake Intel inawateteza asanabadwe. Core i5 yawo inatsekedwa kufakitale. Mapurosesa olola kukwapulidwa kawirikawiri ndi a chilembo K kumapeto, ndipo agogo si a banja limenelo. Mnyamata wokonza makompyuta amalowa mu BIOS, kufufuza uku ndi uku, n'kutuluka chimanjamanja. Ndi nkhalamba zingati zimene zingakane kutumidwa mwaulemu chonchi?

Nanga watsopanoyo? Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Kafunseni mtengo m'sitolo za ku Limbe, mubwerako mukuwapukuta agogo ndi mpango. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 ikuwakana agogo pakhomo chifukwa alibe TPM 2.0. Iwo sanalire. Linux Mint imawalandira osafunsa zaka.

Komanso si odula kuwasangalatsa. Achotsereni hard disk muike SSD, RAM muikweze ifike 8GB, fumbi mulipemerere kunja, papurosesa mupake thermal paste watsopano. Mukatero amalemba ma CV a achinyamata a mzere wonse wa nyumba zalendi, ndi makalata opempha ntchito ku mafakitale a ku Chirimba komweko. Vuto latsala ndi batani la A lomwe linathothoka, ndipo wolemba Chichewa popanda A safika patali. Pakadali pano kiyibodi ya USB yogula pakaunjika ndiyo ikugwira ntchitoyo, agogo akungoyang'anira.